Chipewa cha Dokotala Kambalame

Kuseri kwa mapiri a Musandiuze, kumene tala amathera pa chikwangwani cholengeza kuti msewu wonse unatha kumangidwa, kuli ufumu wa Tidziwakale. Pa nthawi ya nkhaniyi pampando panali Mfumu Safunsa Wachitatu, mdzukulu wa Safunsa Woyamba uja anasochera m'dambo ndi gulu lake lonse chifukwa chokana kufunsa njira, kenako n'kulamula kuti likulu limangidwe pomwepo poti n'kumene ankapita. Likululo lili m'dambo mpaka lero, ndipo udzudzu sunasiye kuthokoza.

M'dzikomo munali lamulo limodzi lokula kuposa onse: munthu wovala chipewa cha udindo asadzayerekeze kunena kuti "sindikudziwa." Mawu amenewa anawasiyira ana, odwala ndi ogulitsa pamsika, anthu amene analibe ulemu woti n'kutaya. Ngakhale mwambi uja wa munthu amene anadya phula anauletsa, poti unkatchula dzina la banja lachifumu. Wofuna kuunena ankangoti, "Paja phula lija," mnzake n'kugwedeza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Zipewa zinalipo zamitundumitundu, koma zazitali kuposa zonse zinali za madokotala akadaulo a pa Chipatala Chachikulu cha Mubweremawa. Zinali zofiira, zosongoka, ndipo kunsonga kwake kunali kabelu kochenjeza odwala kuti nzeru zikubwera, apatuke. Dokotala akamaliza maphunziro aukadaulo ankagwada pamaso pa mfumu, mfumu n'kumuveka chipewa, iye n'kulumbira kuti, "Lero ndamaliza kuphunzira." Kuyambira tsikulo, lilime likangoterereka n'kutchula mawu oletsedwa aja, chipewa chinkavulidwa pagulu ndipo mwini wake ankabwezedwa pa benchi ya ophunzira. Ku Tidziwakale kunalibe chilango chochititsa manyazi kuposa kuphunzira.

Dokotala Rozina Kambalame, kadaulo wa matenda a ana, anali atavala chipewa chake zaka zambiri, ndipo tisanamizane, ankachikonda. Anachikhetsera thukuta, ndipo kumudzi kwawo chithunzi chake atachivala chinali pakhoma la tchalitchi, ana a sukulu n'kumachilozerana. Sanalinso dokotala wachabechabe ayi. Chibayo ankachizindikira mwana akadali kumsana kwa mayi wake. Koma pamwamba pa luso limeneli anaphunziranso lina limene kadaulo aliyense m'dzikomo ankadyera, luso lozemba. Matenda akamuzunguza mutu ankakwinya nkhope mwanzeru n'kunena kuti, "Tikuunikabe." Akamupanikiza ankati, "Izi si zachilendo." Zikafika poipa ankati, "Zili m'manja mwathu," ndipo abale a wodwala ankatuluka kukalankhula ndi kalipentala.

Amene anamulanda mtendere anali mwana wa Nangondo, mayi wogulitsa tomato pa msika wa Onjezaniko. Nangondo anali ataika kale ana awiri m'manda, onse ndi matenda amodzimodzi. Mwana ankabadwa bwinobwino, koma pakapita miyezi tsitsi linkayamba kuthothoka, khungu kuchita zidzolo, thupi kulobodoka, mapeto ake kumangokomoka. Wachitatuyu anali wamkazi, ndipo anamutcha Msiyeni, dzina lopempha imfa kuti ichite manyazi. Kuchimuna anali atagamula kale kuti magazi a Nangondo ndi oipa. Mwamuna wake anali asanachoke, koma njinga yake ankaiimika choyang'ana kumsewu.

Tsitsi la Msiyeni litayamba kutsalira pa chitenje choberekera, Nangondo anafika naye kwa Dokotala Kambalame.

"Adokotala, zija zayambanso."

"Tikuunikabe, mayi."

"Awiri aja munkaunikanso."

Rozina anawerama kuti aone zidzolo za mwanayo, kabelu ka pachipewa n'kulira. Msiyeni anatembenuka kutsata kulirako, n'kuseka ndi nkhama zake. Rozina anagwedezanso mutu dala, mwana n'kusekanso. Mumtima mwake dokotalayo ankadziwa bwino lomwe kuti matendawa sakuwadziwa, ndipo zinamuwawa.

Mvula yoyamba ikugwa, ufumu woyandikana nawo wa Tiuzeni unatumiza mphatso: makina owerenga chibadwa cha munthu, pamodzi ndi mphunzitsi wake, Mayi Chiudza, mayi wamfupi wovala nsapato zafulati ndiponso wopanda chipewa, zimene zinachititsa nduna kukayikira ngati anapita n'kusukulu komwe. Mfumu inaitanitsa bwalo. Akadaulo onse anakhala kutsogolo, mabelu ali ngwe ngwe ngwe ngati khola la mbuzi m'mawa.

Mayi Chiudza anafotokoza mosavuta. "Munthu aliyense ali ndi malangizo olembedwa m'thupi mwake, theka lochokera kwa mayi, theka kwa bambo. Timawatcha DNA. Matenda ena amachokera m'malangizo amenewa, ndipo makinawa amatha kuwawerenga kuchokera m'magazi n'kuwaonetsa pagalasi. Koma makina amangowerenga, samasulira. Womasulira ndi dokotala, ndipo ameneyo ayenera kuphunzitsidwa. Ndiye ndisanayambe, ndikufuna ndimve kwa akadaulo anu, Mfumu: pamene sakudziwa ndi pati, kuti ndiyambire pomwepo?"

Nduna ya Zaumoyo ndi Kuomba M'manja inatsamwa ndi malovu ake omwe. Mfumu Safunsa inamwetulira mwachifundo, monga amachitira munthu akaona mlendo akusamba m'manja m'mbale ya ndiwo, n'kuuza akadaulo kuti ayankhe mmodzimmodzi.

Woyamba kuimirira anali Pulofesa Chimtengo, mkulu wa akadaulo onse, amene chipewa chake chinali chachitali moti polowa m'galimoto ankachita kugona chagada. "Inu Odziwa Zisanachitike," anatero, "ife za DNA tinazidziwa DNA isanabwere."

Manja anawombedwa. Kadaulo wa mafupa anati iye DNA amakumana nayo tsiku ndi tsiku pochita opaleshoni, ndipo ikamutchinga amangoikankhira pambali. Kadaulo wa khansa anati analemba buku lonse la nkhaniyi, kungoti chiswe chinalidya lisanasindikizidwe. Kadaulo wa azimayi oyembekezera anati ngati pali chimene akusowa ndi galimoto.

Ndiye inafika nthawi ya Rozina. Poimirira, kabelu kake kanalira, ndipo anakumbukira mwana uja akuseka. Anayang'ana mphunzitsi, anayang'ana mfumu, anamva kulemera kwa chipewa pamutu pake.

"Izi si zachilendo," anatero, n'kukhala pansi.

Tsiku lomwelo mfumu inalengeza kuti kafukufuku wapeza kuti akadaulo a Tidziwakale sakusowa kuphunzira kanthu, ndipo inakhazikitsa tchuthi chotchedwa Tsiku la Kusasowa Kanthu. Makina anawaika m'chipinda chawochawo ndi malamulo ake. Ogwira ntchito mu labu ankaloledwa kuika magazi ndi kudina mabatani, koma zotsatira zikamatuluka ankayenera kufulatira galasi, poti zotsatira ndi za ovala zipewa. Mlendo sankaloledwa kuziona chifukwa ndi zinsinsi za dziko. Kuphunzitsa munthu wovala chipewa kunali kunyoza mfumu imene inamuveka. Komabe kubweza mlendo msangamsanga ndi mwano, choncho Mayi Chiudza anawapatsa chipinda ku Nyumba ya Alendo ndi woperekeza woti aziyenda nawo paliponse, kuti wina asawavutitse ndi mafunso.

Pa msika wa Onjezaniko nkhaniyi inali m'kamwam'kamwa.

"Akuti kwabwera makina owerenga magazi," anatero wogulitsa anyezi.

"Owerenga? Magazi alembamo chani?" anafunsa wa makala.

"Akuti mbiri ya makolo ako onse, kuyambira kalekale."

"Iii, ine asandiyeze. Agogo anga mbuzi za eni sizinkawadutsa."

"Nanga madokotala athuwa kuwerengako akukutha?" anafunsa mayi wina.

"Akuti anabadwa akudziwa."

"Eeh," anatero wa makala, akupeta phulusa. "Paja phula lija."

Nangondo sanaseke nawo. M'mawa mwake anali pachipatala, atatambasula kadzanja ka mwana wake kuti atengeko magazi.

Zotsatira zitatuluka, a mu labu anafulatira monga mwa lamulo, Rozina n'kuyandikira galasi mtima uli m'mwamba. Anaona zilembo zinayi zokhazokha, A, C, G ndi T, zitandandalika mizere yosatha, ndipo apo ndi apo panali malo opakidwa zofiira, ambirimbiri. Anayang'ana mpaka maso anachita misozi. Yankho la matenda a Msiyeni linali pamaso pake penipeni, koma iye anali ngati mbuzi imene aigwirira nyuzipepala. Anathamanga kukaitana Pulofesa Chimtengo.

Pulofesa anafika, anavala magalasi, anawavula, anawapukuta, anawavalanso. "Eya," anatero. "Zikutsimikiza zimene ndinkaganiza."

"Munkaganiza chiyani, Pulofesa?"

"Zimene makinawa atsimikiza." Anayang'ana pazenera kanthawi. "Mpatseni mankhwala a malungo. Tili m'dambo muno."

Msiyeni anamwa mankhwala a malungo amene analibe. Chimanga chinafika m'mawondo, mwana akukomokabe. Rozina atasowa mtengo wogwira anaganiza zolowera kukhomo lakuseri. Anapita ku Nyumba ya Alendo, n'kupeza Mayi Chiudza atakhala pakhonde akusenda mtedza, woperekeza uja ali pambali ngati chithunzithunzi chawo.

"Ndabwera kudzakuyesani," anatero Rozina mokweza kuti woperekeza amve, "ndione ngati zimene munkafuna kutiphunzitsa mukuzidziwadi."

Mayi Chiudza anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kuika mtedza pansi. "Ndiyeseni, adokotala."

Rozina anafotokoza za tsitsi, zidzolo, kukomoka, ndi ana awiri a m'manda.

"Matenda achibadwa ooneka choncho alipo angapo," anayankha mphunzitsiyo. "Ena amachizika, ena ayi, ndipo mankhwala a ena akhoza kuvulaza pa ena. Popanda kuona zimene makina aonetsa, ndikhala ndikuombeza ula. Ndilowetseni m'chipindamo tikaone limodzi. Koma musachedwe, matenda oterewa akawononga chiwalo sabweza."

Woperekeza anatsokomola. "Pempho la alendo lamveka," anatero. "Tikuunikabe."

Rozina anaimirira, nakonza chipewa chake. "Mwakhoza," anauza mphunzitsiyo, n'kumapita. Panjira anadzitukwana yekha, koma chipewa sanavule.

Apa tinene zoona, poti wofotokoza nkhani savala chipewa: Rozina anachedwa. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, koma sananene kuti nthawi zina manyazi a wina amapha mwana wa wina. Tsiku lililonse ankadzuka atatsimikiza kuti lero anena, akafika pachipata mlonda n'kumugwadira, anamwino n'kupatuka, kabelu kakulira, mtima n'kumuuza kuti mawa. Ankaganiza za chithunzi chija cha m'tchalitchi, ndi amene adzatumidwe kukachitsitsa. Chimanga chinamasula, chinakhwima, anthu anakolola. Msiyeni ankalowa ndi kutuluka mu wodi, ndipo mutu wake unali utayera ngati dzira.

Loweruka lina nyengo yozizira itayamba, Rozina anapita kumsika kukagula ndiwo. Anafuna kulambalala benchi la Nangondo, koma mayiyo anali atamuona kale.

"Adokotala, bwerani mugule kuno, tomato wanga saluma."

Rozina anayandikira. Msiyeni anali kumsana, maso ali gwa, kuyang'ana kumodzi.

"Ndikufunseni, adokotala, pano si pachipatala, palibe akumva. Chimene chikumudya mwana wangayu mukuchidziwa?"

"Zili m'manja mwa..."

Nangondo anapitiriza kusanja tomato, osamuyang'ana. "Musavutike. Azichimwene ake aja anapita madokotala onse akudziwa. Ineyo ndimangopemphera kuti uyu yekha akumane ndi mmodzi wosadziwa, mwina ameneyo angafunseko."

Pomwepo mayi wina wogulitsa ziwiya anagwetsa beseni lachitsulo pasimenti. Msika wonse unadzidzimuka, nkhuku zinalira m'madengu. Msiyeni sanaphethire n'komwe. Rozina anazungulira kumbuyo kwa Nangondo, anawerama pafupi ndi khutu la mwanayo, n'kugwedeza mutu. Kabelu kanalira. Anagwedezanso mwamphamvu. Mwana amene ankaseka kabelu kaja sanatembenuke.

"Wayamba liti zimenezi?"

"Chikololere chimanga. Ndimamuitana, ndimayesa mwano."

Rozina anachoka pamsikapo wopanda tomato. Anali ndi mantha, ndipo anali ndi manyazi amtundu wina, oposa aja ankawaopa.

Sabata yotsatira kunali mwambo wotsanzikana ndi Mayi Chiudza, poti ulemu wa alendo unali utakwana. Bwalo linadzaza. Gulu la oimba linaimba nyimbo yothokoza ufumu wa Tiuzeni chifukwa chotumiza munthu kudzaona mmene ena amadziwira zinthu. Mfumu inapatsa mphunzitsiyo mendulo ya Kusavutitsa. Sutikesi yake inali kale m'galimoto. Potsiriza mfumu inafunsa, monga mwa mwambo chabe, ngati alipo wina ali ndi mawu.

Kabelu kamodzi kanalira. Rozina anali ataimirira.

"Zikomo, Mfumu. Ine zilembo za m'makina zija sindikuzidziwa."

Woimba lipenga anameza mpweya. Nduna ya Zaumoyo ndi Kuomba M'manja, imene manja ake anali atayamba kale kuomba mwachizolowezi, inawabisa m'khwapa.

"Wati chiyani?" inafunsa mfumu.

"Sindikudziwa, Mfumu. Pamene ndinkaphunzira udokotala zimenezi kunalibe, ndipo chivalire chipewachi sindinaphunzirenso kanthu. Ku wodi kuli mwana akufa. Yankho lake lili pagalasi chiyambire mvula, ine ndikumumwetsa mankhwala a malungo."

"Nanga anzakowa?"

Rozina anayang'ana mzere wa zipewa. Onse anali akuyang'ana nsapato zawo mwachidwi. "Za anzangawa, Mfumu, nazonso sindikudziwa."

"Kachitatu!" anafuula Pulofesa Chimtengo. "Wanena kachitatu, pamaso pa alendo!"

Lamulo linagwira ntchito yake. Rozina anagwada, Pulofesa n'kumuvula chipewa ndi manja awiri, kabelu kakulira komaliza. Mphepo ya m'dambo inamuwomba pamutu, ndipo khamu linaona kuti kadaulo uja ali ndi imvi ngati munthu wina aliyense. Misozi inatsika, sanaibise. Mfumu inagamula kuti abwerere pa benchi ya ophunzira, ndipo pofuna kuti chilango chimuwawe kwambiri, benchiyo iikidwe m'chipinda cha makina omwewo amene amuchititsa manyazi.

Apa mlembi wa bwalo ananong'oneza mfumu kuti malamulo salola wophunzira kukhala wopanda mphunzitsi, ndipo aphunzitsi onse a m'dzikomo anali ndi zipewa, sakanatha kuphunzitsa zimene aliyense akuzidziwa kale. Mfumu inaunguzaunguza, maso ake n'kugwera pa mayi wa nsapato zafulati.

"Mpatseni ameneyu," inatero. "Amuphunzitse mpaka amve kuwawa."

Mayi Chiudza anavula mendulo, n'kupempha woperekeza uja kuti akatsitse sutikesi.

Sanadikire mawa. Masana omwewo awiriwo anali pagalasi, ndipo poti mphunzitsi sangaphunzitse atafulatira, nkhani ya zinsinsi za dziko inafera pakhomo. Mayi Chiudza anamuonetsa mmene amasefera malo ofiira aja, kutaya amene munthu wina aliyense ali nawo, kusunga amene akugwirizana ndi tsitsi, zidzolo ndi kukomoka. Rozina ankafunsa ngati mwana, kulakwitsa, kufunsanso. Dzuwa lisanalowe panatsala malo awiri, onse pa langizo limodzi.

"Thupi la mwanayu silitha kugwiritsanso ntchito vitamini wina wotchedwa biotini," anatero mphunzitsi. "Tiyezanso magazi kuti titsimikize, ndipo tiyeza makolo onse awiri. Koma vitaminiyu savulaza, ayambe lero. Kambewu kamodzi tsiku lililonse, moyo wake wonse."

Rozina anamutembenukira. "Vitamini basi?"

"Basi."

"Ndiye mvula ija ikuyamba, tikanakhala kuti..."

"Eya," anayankha Mayi Chiudza, osamunyengerera.

Munthu wopanda chipewa sankaloledwa kulembera wodwala mankhwala, choncho anapita kwa Pulofesa Chimtengo. Iye anasayina mosanyinyirika, n'kunena kuti n'zimene ankati alembe sabata yamawa.

Msiyeni anasiya kukomoka. Zidzolo zinauma, khosi linalimba, ndipo pofika nthawi yososa minda pamutu pake panali patamera tsitsi lakuda bii. Magazi a makolo anaonetsa kuti mayi ndi bambo aliyense anapereka theka la vutolo mosadziwa, eni akewo ali bwinobwino. Bambo wa mwanayo anamvetsera, anakanda pamutu, ndipo madzulo ake njinga inaimikidwa choyang'ana kunyumba. Kuchimuna anatumiza uthenga woti iwo ankadziwa kale kuti Nangondo alibe mlandu.

Koma makutu sanabwerere. Rozina anayesa kuomba m'manja, anayesa mluzu, anayesa supuni pa kapu. Mayi Chiudza anamuuza mosabisa kuti matendawa akawononga makutu, kawirikawiri vitamini sabweza, amangoteteza zimene zatsala.

Sukulu inapitirira, poti kuwerenga mwana mmodzi si kudziwa. Rozina, mayi wa imvi, ankakhala pa benchi m'mawa uliwonse, ndipo nthawi zina ankapsa mtima n'kutuluka, kenako n'kubwerera yekha. Posakhalitsa kadaulo wa khansa anatulukira pakhomo, nati wabwera kudzayendera ngati chilango chikuyenda bwino. Anakhala kumbuyo, chipewa chili pamutu, mpaka phunziro kutha. M'mawa mwake anabweranso ndi kadaulo wa azimayi oyembekezera. Kenako wa mafupa naye anafika, n'kukweza dzanja.

"Si kuti ndikufunsa ayi," anatero. "Ndikungoyesa aphunzitsiwa. DNA imeneyi kwenikweni imakhala mbali iti?"

Oyendera chilangowo anachuluka mpaka anawonjezera mabenchi. Palibe chilango china m'mbiri ya Tidziwakale chimene chinayenderedwa mokhulupirika chotero. Pamsika nawo anali atapeza kale njira yawo. Munthu akafunsa kuti kuchipatala akaonane ndi ndani, ankamuuza kuti, "Ukamva belu, patuka. Ufunefune wa imvi wopanda chipewa."

Mbiri ya mwana amene anachira inafika kunyumba yachifumu. Tsiku la Kusasowa Kanthu litazunguliranso, Msiyeni akuyenda yekha, mfumu inalamula kuti mwanayo abwere kubwalo, dziko lione chipatso cha nzeru za Tidziwakale. Pulofesa Chimtengo ndi amene anakonzeredwa mendulo. Rozina, monga wophunzira, anamuika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi ophika. Msiyeni, ali m'diresi yachikasu pamiyendo pa mayi wake, anamuona patalipo n'kudzisisita pamutu ndi kadzanja. Ndi mmene ankamutchulira, munthu wa mutu wopanda kanthu. Rozina anadzisisitanso pamutu pomuyankha.

Mfumu inalankhula kuyambira mthunzi uli kumadzulo mpaka unasamukira kummawa. Inafotokoza kuti matendawa ufumu unawadziwa kuyambira nthawi ya Safunsa Woyamba, kuti makina anangobwera kudzachitira umboni, ndiponso kuti biotini anayamba kutchulidwa m'maloto a agogo ake. Anthu anawodzera, anadzuka, anaomba m'manja, anawodzeranso. Wa makala uja ananong'oneza wa anyezi kuti pabwalo lonseli mwana yekhayo ndiye wapuma.

Potsiriza mfumu inatsika pa nsanja, inawerama pamaso pa Msiyeni, n'kufunsa ndi mawu okoma, maikolofoni ili pakamwa.

"Mwana iwe, uza dziko. Anadziwa matenda ako ndani?"

Msiyeni ankayang'ana mikanda yonyezimira ya pachifuwa pa mfumu.

"Mwana iwe, ndikulankhula ndi iwe."

Msiyeni anatambasula dzanja kuti agwire mkanda umodzi. Pulofesa Chimtengo anathamangira pomwepo, nagwedeza chipewa chake pafupi ndi khutu la mwanayo kuti atembenuke. Belu linalira bwalo lonse kumva. Mwana sanatembenuke.

"Bwanji sakundiyankha?" inafunsa mfumu, nkhope itayamba kuda.

"Tikuunikabe, Inu Odziwa Zisanachitike," anatero Pulofesa.

Nangondo anatsika pampando, nagwada bwinobwino monga mayi woleredwa, nawomba m'manja mwaulemu. Maikolofoni inali ikadali pafupi.

"Pepani, Mfumu, si mwano. Mwanayu samva."

"Samva? Zinayamba liti zimenezi?"

"Nthawi ija nonse munkadziwa."

Panalibe amene anaomba m'manja, ngakhale nduna imene inali ntchito yake. Kumbuyo kuja, pafupi ndi ophika, Rozina Kambalame anaweramitsa mutu wake wa imvi, poti mu "nonse" muja nayenso analimo.